Chida chofufuzira metadata pa seva ya ofesi: chiziona ndi kunena, chisamakonze chokha

Funso lachokera kwa bambo wina amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ya gulu la alimi kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa. Akuti ali ndi seva imodzi ya Debian imene imasunga mayina a mamembala, ngongole za zipangizo ndi malipiro a thonje, ndipo disiki yake ili pa ext4, umene ndi mtundu wa filesystem, kutanthauza dongosolo losungira mafayilo pa disiki. Magetsi amathimathima, batire ya UPS, chipangizo chosungira magetsi a makompyuta, inafooka, ndipo tsiku lina seva inakana kudzuka mpaka iwo atayankha mafunso ambiri a fsck, pulogalamu yofufuza ndi kukonza filesystem. Tsopano akufuna kuwonjezera kachida ka pa command line koti kazifufuza ngati metadata (zolembedwa zonena za malo ndi kukula kwa mafayilo) ili bwino, ndipo aganiza zoika `fsck -y` mu cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti iziyenda usiku uliwonse. Akufunsa ngati njirayi ili bwino, ndiponso zimene chida chotere chiyenera kukhala nazo.

Achimwene, mwaganiza bwino kufuna kudziwa vuto lisanakule, koma lamulo limene mwasankhalo musaliike mu cron. Seva ikamagwira ntchito, filesystem yanu imakhala yotsegula, ndipo kernel, mtima wa Linux, imasunga mbali yaikulu ya metadata mu RAM n'kumailemba pa disiki pang'onopang'ono, pa nthawi imene yaona kuti n'koyenera. Pulogalamu ya e2fsck, imene fsck imaitana ikapeza ext4, siidutsa mu kernel koma imawerenga ndi kulemba pa disiki mwachindunji. Ziwirizi zikamalemba malo amodzi nthawi imodzi, chilichonse chosadziwa zimene chinzake chikuchita, filesystem imene inali bwino imaonongeka. N'chifukwa chake e2fsck ikaona kuti filesystem ndi yotsegula ndipo palibe munthu pa kiyibodi, imakana n'kutuluka. Choncho chimene chingakuchitikireni n'chakuti lamulo lanu lizilephera mwakachetechete usiku uliwonse, inu muli ndi chikhulupiriro chakuti seva ikufufuzidwa. Ndipo tsiku limene lidzapeze mpata woyenda, chilembo cha `-y` chidzavomera funso lililonse, ngakhale loti ichotse inode (cholembedwa choimira fayilo) kapena idule fayilo, popanda wina woona chimene chikutayika.

Tiyambe ndi chimene tikufufuzacho. Pa disiki pali zinthu za mitundu iwiri: zimene zili m'kati mwa mafayilo anu, ndi zolembedwa zimene zimanena kuti fayilo iliyonse ili pati, ndi yaikulu bwanji, mwini wake ndani, ndiponso malo ati ali opanda kanthu. Zachiwirizi ndiye metadata. Zili ngati buku la kalaliki pa depoti ya thonje: matumba akhoza kukhala onse ali bwinobwino m'nyumba yosungiramo, koma tsamba limodzi la bukulo likang'ambika, simudziwanso kuti thumba ili ndi la yani, ndipo mwina kalaliki angapereke malo amodzi kwa alimi awiri. Mu ext4 bukuli lili ndi superblock, imene imafotokoza kukula ndi makonzedwe a filesystem yonse. Ma inode, amene aliyense amaimira fayilo imodzi ndi kusonyeza ma block ake, kutanthauza timagawo ta disiki mmene fayiloyo yasungidwa. Mafoda, amene amalumikiza dzina ndi nambala ya inode. Ndi ma bitmap, amene amasonyeza ma block ndi ma inode amene atengedwa. E2fsck imadutsa m'zinthuzi kasanu. Ulendo woyamba imaona ma inode, ma block ndi kukula kwake, wachiwiri kapangidwe ka mafoda, wachitatu ngati foda iliyonse ikufikirika kuchokera ku mizu (foda yaikulu imene mafoda onse amachokera), wachinayi ngati chiwerengero cha mayina olozera inode chikugwirizana ndi chimene chalembedwa, ndipo wachisanu imayerekeza ma bitmap ndi zimene yapeza.

Anthu ambiri amati ext4 ili ndi journal, choncho kuthima kwa magetsi sikungaione. Zimenezi n'zoona pang'ono. Journal imalemba kaye zimene filesystem ikufuna kusintha isanasinthe, moti magetsi akathima pakati, podzuka kernel kapena e2fsck imangobwereza zimene zinamalizidwa kulembedwa n'kutaya zimene sizinamalizidwe. Koma zonsezi zimadalira kuti disiki inene zoona. Kernel ikauza disiki kuti ikhuthule zonse zimene yasunga m'kachikumbutso kake, ndipo disiki n'kuyankha kuti yatero pomwe sinatero, monga amachitira ma SSD ena otchipa ndi timabokosi tina ta USB, dongosolo la journal limasweka. Journal siithandizanso pamene mbali ina ya disiki yalephera kuwerengeka, pamene chingwe cha SATA chakhwefuka, kapena pamene RAM yodwala yasintha nambala isanalembedwe. Kuchigwa kuno zinthu zimenezi si nthano. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 masana, m'ofesi ya malata kumaposa apo, ndipo ma disiki ambiri anapangidwa kuti asamadutse madigiri 55 kapena 60 akamagwira ntchito. Mukukumbukanso kuti namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, ndipo makina ambiri anazimira pakati pa ntchito kambirimbiri. Seva imene yadutsa m'zoterezi iyenera kufufuzidwa ndithu.

Chida chanu ndingachigawe m'ntchito ziwiri zosiyana kulemera kwake, ndipo kukonza sikuli m'gulu la ntchitozi.

Ntchito yoyamba ndi yopepuka, yoyenera kuchitika tsiku lililonse, ndipo siikhudza disiki koposa kuwerenga. Chida chifunse `findmnt` kuti chidziwe ma filesystem amene alipo ndi mtundu wake, m'malo moti inu mulembe `/dev/sda2` m'kati mwa pulogalamu, chifukwa mayina amenewa amasintha mukawonjezera disiki ina. Pa ext4 iliyonse chiwerenge fayilo ya `errors_count` imene ili pansi pa `/sys/fs/ext4/`, m'foda ya dzina la chipangizocho. Kernel ikakumana ndi metadata yosagwirizana pamene ikugwira ntchito, imawonjezera nambala imeneyi n'kuilemba mu superblock, moti siifufutika ngakhale makina azime. Lamulo la `dumpe2fs -h` limasonyeza zomwezo pamodzi ndi nthawi ya vuto loyamba ndi lomaliza, tsiku limene filesystem inafufuzidwa komaliza, ndi mndandanda wa zimene zinayatsidwa pa filesystem yo. Pa mndandandawo yang'anani `metadata_csum`. Ikakhalapo ndiye kuti superblock, ma inode, mafoda ndi ma bitmap ali ndi checksum ya crc32c, nambala yotsimikizira kuti zolembedwa sizinasinthe, ndipo kernel imazindikira msanga block imene yasintha yokha m'malo moikhulupirira. Ngati seva yanu inaikidwa kalekale ndipo mawuwa palibe, tune2fs ikhoza kuwayatsa, koma pokhapokha filesystem ili yotseka, yafufuzidwa kale, ndipo muli ndi kope la zonse pena. Chida chiwerengenso uthenga wa kernel kudzera mu `journalctl -k`, kufunafuna mizere ya `EXT4-fs error` ndi `I/O error`, ndipo chifunse `smartctl -A` za thanzi la disiki. Pa hard disk manambala atatu ndiwo ofunika kwambiri kwa inu: 5, wosonyeza malo amene disiki yawasiya n'kusamukira pena, 197, wosonyeza malo amene akulephera kuwerengeka ndipo akudikira kusamutsidwa, ndi 194, wosonyeza kutentha. Nambala 197 ikachoka pa ziro, nkhani siikhalanso ya filesystem koma ya disiki imene ikufa.

Ntchito yachiwiri ndi kufufuza kwathunthu, kamodzi pa sabata. Mwina mungaganize kuti `e2fsck -fn` ikwanira, popeza `-n` imatsegula disiki mowerenga mokha ndipo imayankha ayi pa funso lililonse. Siingaononge kanthu, zoona, koma pa filesystem yotsegula zotsatira zake sizodalirika, chifukwa pamene ikufika pa ulendo wachisanu zimene inaona pa ulendo woyamba zimakhala zitasintha. Idzakuuzani za mavuto amene kulibe, ndipo mukazolowera kunyalanyaza machenjezo abodza, loona lidzakudutsani. Njira yolondola ndi kufufuza snapshot, kutanthauza chithunzi choimitsidwa cha filesystem pa mphindi imodzi. Ngati seva inaikidwa pa LVM, njira ya Linux yogawira malo a disiki imene imatha kupanga snapshot, ntchitoyi ena anaigwira kale: phukusi la e2fsprogs, kuyambira pa 1.45 ya mu 2019, lili ndi lamulo la `e2scrub`. Limapanga snapshot ya LVM, limabwereza journal pa snapshot yo, limaifufuza yonse, kenako limaichotsa, ndipo likapeza vuto limaika chizindikiro choti filesystem yeniyeni ifufuzidwe seva ikamadzukanso. Limafuna malo opanda kanthu osachepera 256 MiB mu volume group, nkhokwe ya malo a LVM, zimene mungaone ndi lamulo la `vgs`. Kuti liziyenda lokha muyenera kuyatsa mzere wa `periodic_e2scrub=1` mu `/etc/e2scrub.conf`. Malangizo anga ndi akuti chida chanu chiziitana e2scrub, musalembe njira yanuyanu ya snapshot, chifukwa pali misampha imene siioneka poyamba: snapshot ikadzaza imakhala yopanda ntchito, ndipo magetsi akathima kufufuza kuli pakati, snapshot yotsalayo imachedwetsa kulemba kulikonse mpaka wina aichotse. Lamulo la `e2scrub -r` linaikidwira zotsala zoterozo.

Ngati LVM palibe, musakakamize. Kufufuza kwathunthu kuzichitika pa nthawi yodzuka, filesystem isanatsegulidwe kuti izilembedwa. Onani kuti gawo lachisanu ndi chimodzi la mzere uliwonse mu `/etc/fstab` lili ndi 1 pa mizu ndi 2 pa ma filesystem ena, chifukwa ziro amatanthauza kuti isafufuzidwe. Kenako `tune2fs -i 1m` imachititsa kuti kufufuza kwathunthu kuchitike pakatha mwezi, ndipo `tune2fs -c` imakulolani kusankha kuti kuchitike pambuyo pa kutsegula kangati. Masiku ano ma filesystem ambiri amapangidwa zimenezi zili zozimitsa, choncho musaganize kuti zilipo kale. Tsiku limene mukufuna kukakamiza kufufuza, wonjezerani `fsck.mode=force` pa mzere wa kernel mu GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux. Pa nthawi yodzukayi systemd, imene imayambitsa ntchito za seva, imalola e2fsck kukonza zokhazo zimene zilibe chiopsezo, ndipo ikapeza zazikulu imaima n'kudikira munthu. Kumeneko ndi kumene munakumana nako tsiku lija, ndipo makina anachita bwino kuima.

Tsopano pa mbali imene zida zambiri zolembedwa mofulumira zimalephera, ndiyo kumva yankho. E2fsck ikamaliza imabweza nambala, ndipo nambalayi ndi kuphatikiza kwa zingapo: 0 ngati palibe vuto, 1 ngati yakonza, 2 ngati yakonza ndipo makina ayenera kudzutsidwanso, 4 ngati mavuto atsala osakonzedwa, 8 ngati yalephera kugwira ntchito yake, 16 ngati lamulo linalembedwa molakwika, 32 ngati munthu waiimitsa, ndi 128 ngati laibulale ina yavuta. Mukaona 12, ndiye kuti 4 ndi 8 zachitika pamodzi. Pulogalamu imene imangofunsa ngati yankho ndi 4 siingaone zimenezi, choncho yesani manambalawa pa bit iliyonse payokha. Chida chanunso chikhale ndi mayankho akeake osachepera atatu: zonse zili bwino, vuto lapezeka, ndi sindinathe kufufuza. Lachitatuli ndimaliona kukhala lofunika kuposa enawo. Snapshot ikakanika chifukwa malo achepa, kapena smartctl ikalephera kulankhula ndi disiki ya pa USB, chida chisanene kuti zili bwino pongoti sichinaone choipa. Chizilembanso tsiku limene kufufuza kwathunthu kunatheka komaliza, ndipo chizidandaula masiku akadutsa khumi chisanathekenso.

Uthenga wa chidachi usamathere pa disiki yomwe chikufufuzayo. Debian imatsegula mizu ndi `errors=remount-ro`, kutanthauza kuti kernel ikapeza vuto imaletsa kulemba kulikonse, ndipo pa nthawi imene mukufunitsitsa lipoti ndi pamene silingalembeke. Lizitumizidwa kunja, pa imelo kapena pa uthenga wa pa foni yanu, ndipo likhale lalifupi moti likhoza kudutsa ngakhale netiweki ili yofooka. Kope lina lipite kwa munthu wachiwiri mu ofesimo, kuti inu mukapita ku maliro kapena msewu ukaduka nthawi ya mvula, pakhale wodziwa kuti seva yadandaula.

Pa za nthawi, systemd timer ikuthandizani kuposa cron. Seva ikakhala yozima pa ola limene cron inayenera kuyendetsa ntchito, ntchitoyo imangodumphidwa, pomwe timer yokhala ndi `Persistent=true` imaiyendetsa makina akangodzuka. Sankhani m'bandakucha, pamene kunja kwazizirako ndipo palibe amene akulemba, chifukwa kufufuza kwathunthu kumatenthetsa disiki. Ngati UPS yanu imalumikizana ndi seva kudzera mu NUT, pulogalamu yoyang'anira ma UPS, chida chifunse kaye `upsc`: yankho la `OL` limasonyeza kuti magetsi alipo, `OB` kuti mukuyendera batire, ndipo zikatero chiimike kufufuzako n'kunena kuti sichinathe. Chiikeni mu `/usr/local/sbin`, ndipo `flock` aletse kuti makope awiri asayende nthawi imodzi. Batire yofookayo isinthidwe chida chisanalembedwe n'komwe, popeza UPS imene imapatsa seva mphindi zochepa zozimira bwino imachotsa mavuto ambiri kuposa amene chida chilichonse chingapeze.

Musachikhulupirire chida chimene simunachionepo chikupeza vuto. Pangani fayilo yoyesera ndi `truncate -s 200M yesero.img`, muipange ext4 ndi `mkfs.ext4 yesero.img`, kenako muitsegule ndi `debugfs -w yesero.img`. M'katimo lamulo la `write` limakopera fayilo ina m'chithunzicho, ndipo `clri` imafufuta inode ya fayiloyo n'kusiya dzina lake mu foda likuloza pachabe. Mukayendetsa `e2fsck -fn yesero.img` muyenera kuona dandaulo pa ulendo wachiwiri ndi yankho lokhala ndi 4. Lozetsani chida chanu pa chithunzichi, muone ngati uthenga wafikadi pa foni. Kenako chipatseni dzina la chipangizo chimene kulibe, muone ngati chikuvomera kuti sichinathe kufufuza. Debugfs yokhala ndi `-w` musaiyandikize ku disiki yeniyeni.

Tsiku limene chida chidzanene kuti chapeza vuto, dongosolo la zochita ndi limene lidzapulumutse mafayilo, ndipo ndi bwino kulilemba papepala n'kulimata pafupi ndi seva. Poyamba imitsani ntchito zonse zolemba, ndipo muone zimene smartctl ikunena. Ngati disiki ikudwala, musayendetse e2fsck pa iyo, chifukwa kuwerenga kochuluka kumamaliza disiki yofooka. Koperani yonse ku disiki ina ndi GNU ddrescue, ndipo kukonza kuchitikire pa kopelo. Ngati disiki ili bwino, koperani mafayilo ofunika kaye, dzutsani makina ndi Linux ya pa fulashi, ndipo musunge metadata momwe ilili ndi `e2image` musanasinthe kanthu. Yendetsani `e2fsck -fn` kuti muwerenge mndandanda wonse wa madandaulo, kenako `e2fsck -f` n'kumayankha nokha. Chilembo cha `-z` chimalemba fayilo yokuthandizani kubweza zimene zasinthidwa kudzera mu `e2undo`, ngakhale sichingakuthandizeni magetsi akathima kukonza kuli pakati, choncho yambani kukonzako jenereta kapena batire zili zokonzeka. Mafayilo amene ataya mayina mudzawapeza mu `lost+found` ali ndi manambala a inode, ndipo lamulo la `file` lidzakuuzani mtundu wa iliyonse. Superblock yoyamba ikaonongeka, makope ake alipo: pa filesystem ya ma block a 4 KiB loyamba limakhala pa 32768, ndipo `e2fsck -b 32768` imayambira pamenepo. Vuto likabweranso patapita masiku ochepa pomwe disiki ikuoneka yabwino, yesani RAM ndi memtest86+ usiku wonse, chifukwa checksum yowerengedwa pa nambala imene yaonongeka kale mu RAM imaoneka yolondola.

Mwina mu ofesimo muli makina ena osakhala pa ext4, choncho chida chisankhe pulogalamu molingana ndi mtundu. Pa XFS, `fsck.xfs` siifufuza kanthu pa nthawi wamba. Wofufuza weniweni ndi `xfs_repair -n` pa filesystem yotseka, ndipo chilembo cha `-L`, chimene chimataya log, chisapezeke m'pulogalamu yoyenda yokha. Pa Btrfs, `btrfs scrub` imayenda filesystem ili yotsegula ndipo imayesa checksum ya metadata ndi ya mafayilo omwe, pomwe `btrfs check --repair` eni ake amachenjeza kuti isagwiritsidwe ntchito popanda uphungu wa odziwa. Mafulashi amene alangizi amayenda nawo kumidzi kawirikawiri amakhala pa FAT32 kapena exFAT, zimene zilibe journal, ndipo `fsck.fat -n` kapena `fsck.exfat -n` zimawaona asanatsegulidwe.

Pali malire amodzi amene komiti yanu iyenera kuwamva kuchokera kwa inu chida chisanayambe ntchito. E2fsck ikanena kuti zonse zili bwino, yatsimikiza kuti mayina, ma inode ndi ma block zikugwirizana, koma sinawerenge zimene zili m'kati mwa mafayilo, ndipo ext4 siisunga checksum ya zimenezo. Nambala ya malipiro a mlimi ikhoza kusintha m'kati mwa database filesystem ili yoyera. Pa mafayilo amene sasinthasintha, chida chisunge mndandanda wa `sha256sum` n'kumauyerekeza. Pa database gwiritsani ntchito chofufuzira chake, monga `PRAGMA integrity_check` ngati ili ya SQLite. Kope la zonse likhale pa disiki ina, ndipo limodzi lizisungidwa kunja kwa ofesi, pamalo okwera kapena ku Blantyre, chifukwa madzi ngati a mu Januwale 2015 kapena a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akalowa m'nyumba amatenga seva pamodzi ndi disiki imene ili pambali pake. Kamodzi pa mwezi tengani kopelo, mubwezeretse database pa kompyuta ina, ndipo mlembi wa gulu ayerekeze mayina angapo ndi zimene zili m'mabuku a pamanja.